Jenereta ya malemu amuna anga inapita ndi meseji yabodza

Ndimagulitsa salaula, katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka nsapato ndi zikwama za amayi. Ndinayambira pa tebulo ku msika wa Soweto mu Lusaka, kuno ku Zambia, koma mawondo atayamba kundivuta ndinasamutsira malondawo kunyumba, ku Chilenje South, n'kumagulitsira pa foni. Ndikatsegula belo ndimasankha zooneka bwino, kuzichapa, kuzijambula pa mphasa pakhonde, n'kuziika pa gulu lathu la pa Facebook. Mtengo womaliza sindiika. Ndimangolemba poyambira, anthu n'kumapikisana m'munsi mwa chithunzi, uyu K80, uyo K95, wina K120, mpaka nthawi imene ndanena itakwana. Wokweza kuposa onse ndiye amatenga. Ife timangoti okushoni. Ndachita zimenezi kuyambira 2021, moti makasitomala ambiri ndimawadziwa ngati anansi. Ndimadziwa wolipira tsiku lomwelo, wodikira kutha kwa mwezi, ndi wokweza mtengo mwamphamvu amene pambuyo pake amayamba kudandaula za lendi.

Pa misika ikuluikulu ya pa intaneti monga eBay, pafupi ndi dzina la munthu pamakhala nambala yosonyeza kuchuluka kwa amene anachita naye malonda n'kumuchitira umboni, ndipo wongoyamba kumene amakhala pa ziro. Ife pagulu pathu nambala yotere palibe. Mbiri ya munthu ili m'mitu mwathu basi. Choncho pakatulukira dzina lachilendo, palibe pokafunsa. Pa nsapato za K100 zimenezi sizinkandidetsa nkhawa, chifukwa munthu akathawa ndinkangoikanso nsapatozo sabata yotsatira. Vuto linabwera tsiku limene ndinaika chinthu chachikulu ndi mtima womwewo wa nsapato.

Chaka cha 2024 tonse tikuchikumbukira. Mvula inakana, pa 29 February pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika, ndipo pofika September magetsi ankabwera maola atatu okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku anthu tili mtulo. Aliyense wa babashopu, wa saluni, wogulitsa nkhuku za mufiriji, ankasakasaka jenereta. Ine ndinali nayo m'kachipinda kosungiramo katundu, yokutidwa ndi chitenje chakale. Inali ya malemu amuna anga, amene anatisiya mu 2022. Pa maliro, alamu anga aakulu anaimirira pamaso pa abale onse n'kunena kuti katundu yense wa m'nyumba atsale ndi ine ndi ana, pasapezeke wonyamula ngakhale supuni. Amene munaonapo mmene amasiye ena amalandidwira katundu mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Jeneretayo sindinkailiza chifukwa cha mtengo wa petulo, koma ndinkaipukuta fumbi.

Mwana wanga wamkazi akuphunzira unamwino, ndipo kusukulu kwawo kunkafunika K7,500 mweziwo usanathe. Ndinagona masiku awiri ndikulimbana ndi mtima, kenako ndinaitulutsa panja, mnyamata wa anansi anandilizira, ndinajambula kavidiyo ikulira, n'kuika pagulu Lachiwiri m'mawa. Poyambira ndinati K4,000, kukweza ndi K100 kapena kuposa, kutseka Lachisanu 8 koloko usiku. Malamulo anga anathera pomwepo. Sindinalembe za kalipiridwe, za malo otengera, kapena chimene chidzachitike wopambana akalephera kulipira.

Pofika Lachinayi mtengo unali pa K6,000. Wotsogola anali bambo wina wa babashopu ku Kabwata, amene akazi ake anagulapo zikwama kwa ine kangapo, munthu woti shopu yake ndimaidziwa pamene ili. Lachisanu madzulo anaika K6,500, ine mumtima n'kumati K1,000 yotsalayo ndikabwereka ku chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana. Kutatsala mphindi khumi kuti nditseke, panatulukira dzina limene ndinali ndisanalionepo, n'kuika K7,200. A babashopu anayesa K7,300. Mlendo uja analumpha mpaka K8,200. Palibe anayankhanso.

Ndinatsegula akaunti yake kuti ndimuone. Chithunzi chinali cha galimoto, osati nkhope. Anzake analipo ochepa kwambiri, palibe ndi mmodzi yemwe wodziwika kwa ine, ndipo zonse zimene anaikapo zinali za mwezi womwewo. Pagulu pathu analowa sabata imeneyo. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, sindinganame kuti zinabisika. Koma K8,200 inali ikukwanira fizi yonse n'kutsalako ya ufa ndi makala, ndipo mtima ukafuna chinthu umapeza zifukwa. Ndinadziuza kuti aliyense anayambapo tsiku lina.

Anaimba foni usiku womwewo. Mawu ake anali a munthu wamkulu, odekha, aulemu. "Amayi, pepani kukusokonezani usiku. Ndine amene ndapambana jenereta ija." Tikulankhula anandifunsa kwathu, ndipo nditati ku Katete anasangalala ngati wapeza mlongo wake. Anati iyenso ndi wa komweko, anatchula Mkaika, anati chaka chino anali ku Kulamba kumapeto kwa August, anafotokoza za fumbi ndi gule. Chichewa chake chinali chakumudzi, osati chinyanja cha mtauni muno. Anati ali ndi kagolosale ku Petauke, nyama ikuwonongeka mufiriji, jenereta akuifuna mawa lomwe, ndipo atumiza takisi kuti ikaisiye ku siteshoni ya mabasi ya Intercity kwa kondakitala amene amadziwana naye. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti ndine ndinayamba kutchula Katete, iye n'kungotola pamenepo. Kulamba amaidziwa aliyense wa kum'mawa, ngakhale wongomvera pa wailesi. Mudzi wake kapena mfumu ya kwawo sindinamufunse, ndipo iye sanatchule.

Loweruka m'mawa magetsi anali asanabwere kuyambira dzulo lake masana. Foni yanga inali pa 9 peresenti, netiweki ikubwera n'kumapita monga inkachitira masiku amenewo. Cha m'ma 10 koloko meseji inalowa. Inati ndalandira K8,700, inali ndi dzina la wotumiza, tsiku, nthawi, ndi nambala yaitali ija ya risiti. Kalembedwe kake kanali kofanana ndi mameseji onse amene ndimalandira makasitomala akalipira. Ndisanamalize kuwerenga, foni inalira. "Amayi, mwaiona? Galimoto ili pafupi, chonde musaichedwetse, basi ya ku Petauke ikudzaza." Nditangodula, woyendetsa takisi anaimba kufunsa njira, ndipo pasanathe mphindi zisanu hutala inali ikulira pageti.

Apa ndi pamene ndikufuna wowerenga aime. Kuona ndalama zimene zili mu akaunti ya pa foni kumatenga mphindi imodzi. Ndinayesa kamodzi, netiweki inakana, ndipo sindinayesenso. Booth ya mobile money ili pakona pa msewu wathu, mtunda woyenda mphindi zitatu, ndipo ndikanatha kuuza woyendetsayo kuti adikire ndikatape kaye ndalamazo. Chimene chinandiletsa ndi manyazi. Ndinkaona ngati ndikamudikiritsa ndiye kuti ndikumutcha wakuba munthu wakwathu amene wandipatsa ulemu chonchi. Mnyamata wa anansi ndi woyendetsa uja ananyamula jenereta, wina uku wina uku, n'kuiika kubuti. Inakana kutsekeka, anamanga ndi chingwe cha mphira. Ndinawapatsanso kabuku kake ndi kabotolo ka oyilo kamene amuna anga anasiya theka. Nambala ya galimoto sindinalembe.

Patapita mphindi ngati makumi awiri wogula uja anaimbanso, mawu ali ndi nkhawa. Anati mwana wake potumiza analakwitsa, m'malo mwa K8,200 anatumiza K8,700, ndipo K500 yapamwambayo ndi imene amafuna kulipira kondakitala. Ndinayang'ana meseji ija, zoonadi inati K8,700. Ndinamva chisoni, ndinapita pakhonde pamene netiweki imagwira, n'kutumiza K500 ku nambala imene anandipatsa. Potumiza, foni inandionetsa dzina la mwini nambalayo. Linali la munthu wamkazi, losiyana ndi la pa Facebook komanso losiyana ndi la mu meseji ija. Ndinaliona, chala n'kupitirira kulemba PIN.

Meseji yotsimikiza inabwera, ndipo monga mwa nthawi zonse, kumapeto kwake inanena ndalama zotsala: K640. M'mawa umenewo ndinali ndi K1,150 ya nsapato zimene ndinagulitsa mkati mwa sabata. Ndinawerenga katatu. Ndinabwerera ku meseji ya K8,700 ija, ndipo ndi pamene ndinaona chimene chinali poyera kuyambira pachiyambi. Mameseji enieni a ndalama amabwera ndi dzina la kampani pamwamba, onse pamzere umodzi, lero pansi pa dzulo. Iyi inali payokha, yochokera ku nambala wamba ya foni, ngati meseji ya munthu wokupatsa moni. Miyendo inalefuka, ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Ndinaimba nambala yake, yozima. Ndinaimba imene ndinatumizako K500, yozima. Foni yanga nayo inazima ndili mkati moimba kachitatu.

Anansi anga, amayi a kuseri kwa mpanda, ndi amene anandidzutsa pamenepo. Anandipatsa madzi, anatenga foni yanga kukaitchaja ku kasola kawo, ndipo itayaka anaimbira okha a kampani ya foni ine ndikulephera kulankhula. Yankho linali lomveka bwino: ku nambala yanga sikunalowe K8,700 kapena ndalama ina iliyonse tsiku limenelo, ndipo K500 ija inali itatapidwa kale. Anandiuzanso chinthu chimene ndikanakonda kudziwa kale, kuti munthu akalakwitsadi potumiza ndalama, iyeyo ndiye ayenera kuimbira kampani kuti ibweze, wolandira sayenera kutumiza yekha. Pa Facebook, akaunti ija inali itasowa pamodzi ndi mitengo yonse imene inalemba pansi pa chithunzi changa. Ndinalibe ngakhale screenshot imodzi.

Nambala ya woyendetsa takisi inali m'foni mwanga chifukwa anaimba kufunsa njira. Iye anayankha, ndipo nditamufotokozera anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amayi, ndikubwera, tipitire limodzi kupolisi." Anabweradi. Anafotokoza kuti munthu wina anamuimitsa pa Lumumba Road, anamulipira K200 pamanja, anamupatsa nambala yanga n'kumuuza kuti akatenge katundu. Jeneretayo sinafike ku Intercity. Anamuimbira ali m'njira kuti aime pafupi ndi City Market, pomwe anyamata awiri anaikweza pa wilibala n'kulowa nayo m'chigulu cha anthu. Amene mumadziwa malo amenewo Loweruka masana mukudziwa kuti wilibala ikakhota kamodzi, yapita.

Apolisi analemba zonse, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti nambala ya jenereta, ija yodindidwa pa chitsulo, ndi chiyani. Ndinalibe. Inali m'kabuku kamene ndinapereka ndi manja anga. Wapolisiyo ananena mosabisa kuti popanda nambala imeneyo, ngakhale ataipeza ili pa msika, kungakhale kovuta kutsimikiza kuti ndi yanga. Ndinabwererako kanayi m'masabata atatu. Ulendo wachitatu anandiuza kuti nambala imene ndinatumizako K500 inalembetsedwa ndi NRC, chiphaso cha unzika, ya gogo wina amene anataya chiphaso chakecho kalekale ndipo sakudziwa kanthu. Kuno SIM khadi iliyonse imalembetsedwa ndi NRC, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti zimenezo zokha zimatanthauza kuti wakuba pa foni sangabisale. Akuba amalembetsa ndi ziphaso za eni. Manambala onse atatu ndinawanenezanso kwa a ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, poimba *707#, kuti mwina asabere nawo wina.

Ndikawerengera, ndinataya jenereta imene a babashopu anali okonzeka kugula K7,300, K500 ya m'thumba mwanga, pafupifupi K300 ya maulendo ndi ma bundle, komanso sabata ziwiri zimene sindinatsegule belo chifukwa ndalama yogulira inalibe ndipo mtima unalibe. Fizi ndinalipira mochedwa ndi masiku khumi ndi awiri. Amayi a ku chilimba anandilola kulandira mwezi umene sunali wanga, K4,000, ndipo K3,500 yotsalayo ndinatenga kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, kubweza K4,550 pakutha pa mwezi. Kaloba ameneyo anandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira, moti ndikanayamba ndauza abale m'malo mobisa, sindikanamufuna.

Kubisako kunali kulakwa kwanga kwina. Mwana wanga ndinamuuza kuti wogula akuchedwa kulipira. Alamu anga sindinawauze mpaka tsiku limene anabwera okha kudzationa n'kupempha kuti awone ngati jenereta ikulirabe, chifukwa ankafuna kundithandiza petulo. Ndinagwada pansi n'kulira ngati mwana. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamene inkakhala, pomwe panatsala kadontho ka oyilo pa simenti. Kenako anati, "Mlamu, mng'ono wanga anagula chinthu chimenechi kuti chithandize ana. Inu munachigulitsa kuti mwana aphunzire. Wolakwa ndi wakubayo. Koma tsiku lina muzitiuza, ifenso ndi ana athu." Mawa lake anatumiza K2,000 yothandizira kubweza kaloba. Ndinaona balansi ndisanawathokoze, ndipo nditawauza zimenezo anati ndachita bwino.

Nditayambiranso malonda mu October, ndinali munthu wina. Dzina lililonse lachilendo likaika mtengo, ndinkafufuta n'kulitsekera kunja, osafunsa kanthu. Pofuna kumaliza ngongole ndinaika makina anga osokera a Singer, opukusa ndi dzanja aja. Tsiku lachiwiri panabwera akaunti yopanda chithunzi, yotsegulidwa sabata yomweyo, n'kuika K2,400, ndi mawu akuti ali ku Petauke. Nditangoona Petauke thupi lonse linachita tsemwe. Ndinafufuta, ndinatseka, ndinalembanso pagulu kuti anthu achenjere ndi akaunti imeneyo. Makinawo anapita pa K1,900 kwa munthu wodziwika.

Lachinayi lotsatira, titatuluka ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi, mayi wina wachikulire anandikokera pambali. "Amake mwana, asuweni anga anakulakwirani chiyani?" Zinapezeka kuti akaunti ija inali ya aphunzitsi opuma ntchito a ku Petauke, amene mdzukulu wawo anawatsegulira Facebook dala chifukwa cha makinawo, atamva kwa mayi yemweyu kuti ndikugulitsa. Ndalama anali atasunga kuchokera ku penshoni yawo. Mdzukuluyo anawawerengera zimene ndinalemba pagulu, kuti ndi akuba. Usiku umenewo ndinawaimbira, ndinapepesa, ndinawafotokozera za jenereta. Sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, ukanandifunsa. Ndikanakuuza kuti ndine yani." Ndinachotsa zimene ndinalemba zija n'kulemba kupepesa pamalo pomwepo, koma amene anawerenga zoyambazo si onse anawerenga zachiwiri. Zimenezi zimandipwetekabe mosiyana ndi za jenereta, chifukwa apa wolakwira mnzake ndinali ine.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyesa kuwerenga mtima wa munthu pa chithunzi chake. Wakuba uja anali ndi mawu okoma, aphunzitsi aja analibe ngakhale chithunzi, ndipo ine ndinalakwitsa pa onse awiri. Chimene ndingathe ndi kukonza malonda mwa njira yoti kaya munthuyo ndi woona kaya ndi wabodza, katundu wanga asachoke ndalama isanafike. Tsopano malamulo ndimawalemba pamwamba pa chithunzi okushoni isanayambe, ndipo ndi amodzi kwa aliyense, wakale ndi watsopano yemwe. Zimenezi zinandichotsera manyazi aja, chifukwa ndikamati dikirani ndione balansi, palibe amene angati ndamusankha.

Pa katundu wopitirira K500, amene sanagulepo kwa ine amayamba walankhula nane pa vidiyo asanaike mtengo. Ndimamuonetsa nkhope yanga ndi katunduyo, iyenso ndimamuona, chifukwa naye ali ndi ufulu wondikayikira, ogulitsa abodza nawonso ndi ambiri. Kenako amatumiza chikole cha K50, chimene ndimabweza usiku womwewo akapanda kupambana. Chikolecho n'chochepa, koma chimandionetsa dzina limene nambala yake inalembetsedwa, ndipo likasiyana ndi la pa Facebook ndimafunsa. Nthawi zambiri yankho limakhala lomveka, foni ndi ya amuna awo kapena ya mwana, ndipo mwini nambalayo ndimalankhula naye. Ena akangomva za vidiyo amasowa okha. Chikole chinathetsanso vuto lina limene linkandidya mwakachetechete, la anthu okweza mtengo mongosewera n'kuthawa, pomwe wachiwiri uja wakagula kale kwina. Tsopano ndimalemberatu kuti wopambana akapanda kulipira pofika 12 koloko masana a tsiku lotsatira, katundu apita kwa wachiwiri pa mtengo wake, ndipo wachiwiriyo ndimamuuza usiku womwewo kuti asafulumire kugula kwina. Ndikanachita zimenezi mu September, a babashopu aja akanakhala akudikira, ndipo ine sindikanachita mantha kuti ndikamuchedwetsa mlendo uja nditaya zonse.

Meseji sindiikhulupiriranso, ngakhale yochokera kwa mlongo wanga. Screenshot ya pa WhatsApp ndiye sindiyang'ana n'komwe, ndipo za kubanki zolembedwa kuti zili m'njira ndimadikira mpaka zitalowa. Ndimalowa ndekha mu akaunti kuona balansi, ndipo netiweki ikavuta katundu amagona m'nyumba mpaka mawa. Wonena kuti basi ikunyamuka ndimamuuza kuti mabasi a kum'mawa amanyamuka tsiku lililonse. Ndaona kuti wogula weniweni amadandaula pang'ono n'kudikira, pomwe amene akuumiriza kuti mphindi ino yomwe, galimoto ili pageti, ndi amene akufuna kuti usapeze mpata woganiza. Chinthu chamtengo sindiperekanso pakhomo panga kwa munthu wachilendo. Timakumana masana pamalo a anthu ambiri, ku mashopu a East Park kapena a Levy, ine ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo ngati watuma munthu, ndimajambula nambala ya galimoto ndi katundu ali mkati. Chilichonse chokhala ndi nambala, foni, wailesi, makina, ndimajambula nambalayo ndisanachiike pagulu, ndipo okushoni ikangotseka ndimasunga screenshot ya mitengo yonse.

Ndinene zoona, njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Pali anthu oona mtima amene amaona ngati vidiyo ndi chikole ndi chipongwe, ndipo amapita kwa ogulitsa ena. Mayi wina wa ku Chelstone anandilembera mawu owawa kwambiri, kuti iye si wakuba woti azifunsidwa mafunso ngati ali kupolisi. Ndinamuyankha mwaulemu, sanabwerenso. Ndimataya makasitomala awiri kapena atatu pa mwezi mwa njira imeneyi, ndipo ndinavomereza. Koma pa makasitomala anga okhazikika lero, ambiri ndi amene anabwera ali achilendo pambuyo pa October uja, amene ndikanawatsekera kunja ndikanapitiriza ukali wanga.

Jenereta sinapezeke. Ulendo womaliza kupolisi anandiuza kuti nkhaniyo ikadali yotsegula, akapeza kanthu adzandiimbira. Kwa miyezi ingapo, ndikadutsa pa shopu pamene jenereta ikulira ndinkachepetsa liwiro n'kuyang'ana ngati ili ndi chogwirira chowotcherera kumanzere, pamene amuna anga anakonza chitathyoka. Chilimba ndinamaliza kubweza mu January.

Mu December, anansi ena amene ankasamukira ku Kitwe anandipatsa makina awo osokera kuti ndiwagulitsire. Ndisanaike pagulu ndinaimbira aphunzitsi aja ku Petauke kuwauza kuti okushoni iyamba Lachiwiri. Ndinafuna kuwakhululukira chikole, iwo anakana, anati lamulo likhale lamulo. Mdzukulu wawo anawagwirira foni pa vidiyo, ndinawaona kwa nthawi yoyamba, gogo wa magalasi atakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikudutsa kumbuyo. Anapambana pa K2,300. Ndalama italowa ndinaona balansi, kenako ndinakulunga makinawo m'bulangeti lakale ndi katoni, n'kupita nawo ku Intercity m'bandakucha. Ndinalipira, ndinatenga risiti, ndinajambula katoniyo ikulowa pansi pa basi pamodzi ndi nambala ya basiyo, n'kutumiza zithunzi kwa mdzukulu uja. Anandiimbira basi itadutsa mlatho wa Luangwa kuti kondakitala wawauza akhale okonzeka, ndipo cha m'ma 2 koloko masana foni inaliranso. Sanalankhule msanga. Ndinangomva phokoso la makina akupukusidwa, kenako mawu awo: "Mwanawe, afika bwino. Ndayamba ndi yunifolomu ya mdzukulu."